Mabwana akapangana, wantchito alowere kuti?

Ana anga a pa Mponela, inu amene mumachezera pa pampu kuthira mafuta m'malole opita ku Mzuzu, inu oyeza mbewu ndi feteleza m'mashopu a zipangizo zaulimi, inu operekera zakudya m'mahotela nyengo ya misonkhano, ndi inu okhalira ndalama za eni m'timakiyosiki ta Airtel Money ndi Mpamba, ndikufuna ndikuuzeni chimene chimakweza malipiro a munthu wolembedwa ntchito. Kulimbikira kumakusungirani ntchito, ndipo n'kofunika, koma pakokha sikunenepetsa envulopu ya kutha kwa mwezi. Bwana amawonjezera ndalama akamaopa kuti mawa mukhoza kuwoloka msewu n'kukayamba ntchito kwa mnzake. Akadziwa kuti mulibe kolowera, mudzayamikiridwa pa Khirisimasi iliyonse, mwina n'kupatsidwa nkhuku ndi paketi ya shuga, malipiro ali pomwe analili.

Ndagwira zaka zambiri ntchito yolemba mabuku a ndalama a eni mabizinesi a m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Lumbadzi mpaka ku Madisi, ndipo wolemba mabuku amamva zimene wa pa pampu samva. Eni mabizinesi amadziwana. Amakumana pa maliro, pa mzere wa ku banki, m'komiti ya zomangamanga ku tchalitchi. Pena pakati pa macheza wina amati, "Achimwene, anyamata anga musamanditengere, nanenso anu sindiwakhudza." Amagwirana chanza, yatha. Palibe pepala, palibe mboni, ndipo eni akewo saona ngati achita choipa. Kwa iwo ndi ulemu wa pakati pa anthu akuluakulu.

Inu mumangoona zotsatira zake. Mwamva kuti pamalo pena akufuna munthu ndipo akulipira bwinoko. Mwalemba kalata, akuitanani, manijala wakondwera chifukwa ntchitoyo mukuidziwa kale. Kenako zii. Mukafunsa, akuti, "Abwana akuti mubwere ndi kalata yosonyeza kuti kwanuko akumasulani." Nthawi zina sanena n'komwe, mumangoitanidwa mu ofesi ndi bwana wanu m'mawa mwake: "Ndamva kuti mwatopa nafe." Zikatere ambiri amayamba kudana ndi mnzawo wa pa shifiti kuti ndiye kazitape, ena mpaka kukaombeza kuti aone amene wawatsekera mwayi. Mwayi watsekedwadi, koma anautseka pa foni anthu awiri amene onse amapindula inu mukakhala pomwe muli.

Yambani mwadziwa amene anakulembani ntchito, chifukwa ambiri sadziwa. Chikwangwani cha pamalo omwetsera mafuta chili ndi dzina la kampani yaikulu, yunifolomu yanu ilinso ndi dzina lomwelo, koma kawirikawiri amene amakulipirani ndi dila, munthu amene anapangana ndi kampaniyo kuti azigulitsa mafuta ake pogwiritsa ntchito dzina lake ndi malamulo ake. Malo ambiri odyera okhala ndi mayina akunja, onga amene mumawaona ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, amayendanso motero. Ndiyo amaitcha franchise: mwini dzina amabwereketsa dzina ndi kachitidwe ka malonda, wobwerekayo amaika ndalama zake, amalemba antchito ake, n'kumapereka gawo kwa mwini dzina. Choncho madila awiri ovala dzina limodzi si kampani imodzi. Aliyense ali ndi thumba lake, ndipo amayenera kulimbirana wantchito waluso monga momwe amalimbiranira makasitomala.

Ku America kunapezeka kuti zimene kuno zimathera pa kugwirana chanza, kumeneko zinkalembedwa ndithu m'mapangano a pakati pa mwini dzina ndi obwereka. Ndime ya m'pangano la McDonald's inkaletsa wobwereka dzina kulemba munthu amene akugwira ntchito pa McDonald's ina, ngakhalenso amene wachokako miyezi 6 isanathe. Mayi wina wa ku Florida, Leinani Deslandes, anayamba ntchito pa malo amodzi otere mu 2009, n'kukwera mpaka kukhala woyang'anira gawo, akulandira madola 12 pa ola. Atapeza mwayi pa McDonald's ina yapafupi imene inkalipira madola 13.75, anauzidwa kuti sangalembedwe pokhapokha bwana wake atamumasula. Bwanayo anakana. Mapeto ake mayiyo anasiya ntchito ya zakudya imene ankaidziwa, n'kukayambira pansi m'sitolo ina pa malipiro otsika. Mu 2017 anakasuma ku khoti.

Taganizirani bwino apa. Ndime imene inamutsekera njira mayiyu sanaisainire, sanaiwerengepo, sanauzidwe n'komwe kuti ilipo pamene ankayamba ntchito. Inali m'pangano la anthu ena, koma wolipira anali iyeyo.

Sanali yekha. Akatswiri awiri a zachuma a pa yunivesite ya Princeton, Alan Krueger ndi Orley Ashenfelter, atawerenga mapangano a makampani akuluakulu obwereketsa mayina, anapeza kuti mu 2016, mapangano 58 mwa 100 alionse anali ndi ndime yotere. Sanali ophika okha: munali osintha oyilo m'galimoto, munali othandiza anthu kulemba za misonkho. Loya wamkulu wa boma m'chigawo cha Washington pa nthawiyo, Bob Ferguson, anayamba kuwapanikiza mu 2018 kuti achotse ndimezo kapena akumane naye ku khoti. Mu Julayi chaka chimenecho makampani 7 anavomera, ndipo pofika 2020 anali atakwana 237. Ndipo musaganize kuti izi zimagwera anthu osapita patali ndi sukulu okha. Makampani a Apple, Google, Intel ndi Adobe anavomera kulipira madola 415 miliyoni mu 2015 kuti athetse mlandu wa akatswiri a makompyuta amene anadandaula kuti makampaniwo anapangana kusatengerana antchito.

Mlandu wa mayi Deslandes unayamba watayidwa ndi khoti laling'ono, koma mu Ogasiti 2023 khoti la apilo ku Chicago linaudzutsa. Silinagamule kuti kampaniyo ndi yolakwa. Chimene woweruza Frank Easterbrook anachita ndi kukana kuti ndime yotere ingodutsa chifukwa yabisala m'pangano la franchise. Eni dzina ankati ndimeyo imateteza ndalama zimene wobwereka amawononga pophunzitsa wantchito. Woweruzayo anati izi ziunikidwe kaye: ngati cholinga ndi chimenecho, bwanji chiletsocho chikuphimba dziko lonse, nanga bwanji chikumutsatira munthu miyezi 6 atachoka? Kodi sichikungothandiza bwana kudyera luso limene wantchito analipeza ndi thukuta lake? Mafunso amenewa asungeni, chifukwa ndi omwewo amene muyenera kufunsa pa chiletso chilichonse chimene wina akufuna kukuikirani.

Mayiko ena anapitirira pamenepo. Ku Canada, kuyambira pa 23 Juni 2023, olemba ntchito osiyana akapangana kusatengerana antchito kapena kugwirizana malipiro, ndi mlandu woti munthu akhoza kukakhala kundende zaka zofika 14. Ku Ulaya, mu Juni 2025, makampani operekera zakudya m'makomo a Delivery Hero ndi Glovo analipitsidwa mayuro 329 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chomwechi.

Ife kuno nkhani yomangirira wantchito pamalo amodzi sitikuimvera pa wailesi. Ku Chiradzulu ndi ku Thyolo inali thangata, imene inali chimodzi mwa zimene zinamukwiyitsa John Chilembwe mpaka kuukira kwa mu 1915. Kuno ku chigawo chapakati inabwera ndi fodya. Makolo a ena mwa inu anafika pa lole kuchokera ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kudzakhala matenanti m'maesiteti a ku Dowa, Kasungu ndi Mchinji. Tenanti ankalandira chimanga, mchere ndi feteleza pa ngongole, fodya wake ankagulitsa kwa mwini esiteti yekha pa mtengo wa mwini esitetiyo, ndipo kuchoka pakati pa nyengo kunali kusiya thukuta lonse la chaka m'chigafa. Panalibe loko pa chipata, komabe munthu sakanachoka. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito la Employment Act. Ndikamamva mabwana a pa tauni akupangana za anyamata awo, ndimamva fungo la chigafa chomwechi, kungoti tsopano lavala yunifolomu.

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 sanasiye nkhaniyi. Gawo 27 limaletsa ntchito yokakamiza komanso kumangirira munthu pa ntchito mofanana ndi ukapolo. Gawo 29 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zofunika pa moyo wake kulikonse m'Malawi. Gawo 31 limanena za kuchitiridwa chilungamo pa ntchito. Palinso lamulo la mpikisano pa malonda, Competition and Fair Trading Act, limene linayamba mu 1998 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano kuyambira pa 1 Julayi 2024. Limaletsa amalonda opikisana kupangana zopinga mpikisano, monga kugwirizana mitengo kapena kugawana misika, ndipo bungwe loona za lamuloli la CFTC tsopano likhoza kulipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene yapanga pa chaka. Ngakhale bungwe la COMESA loona za mpikisano lili ndi likulu lake ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi pa minibasi.

Ambiri amaidziwa CFTC pa nkhani ya mitengo ya shuga ndi simenti, ndiye mwina mukudabwa kuti ikukhudzana bwanji ndi ntchito yanu. Kumbukirani zimene zimachitika pa msika nyengo yokolola, mavenda onse okhala ndi masikelo akapangana m'mawa kuti lero soya tigula pa mtengo wakutiwakuti, wina asapitirire. Mlimi amayenda sikelo ndi sikelo, thumba lili pa njinga, kulikonse mtengo ndi umodzi, mpaka amagulitsa chifukwa dzuwa lapendeka. Tonse timadziwa kuti kumeneko ndi kumubera mlimi. Inu chimene mumagulitsa ndi mphamvu zanu ndi luso lanu, ogula ake ndi mabwana. Ogulawo akapangana kuti asalimbirane katundu wanu, kwa ine n'chimodzimodzi. Ogamula ndi a CFTC ndi makhoti, koma sangagamule nkhani imene palibe anaitula.

Tsono ndisakunamizeni kuti mabwana alibe dandaulo lomveka. Ndaona dila akuphunzitsa mnyamata miyezi itatu, akulipira yekha mashoti a m'masiku oyamba, ndiye mnyamatayo atangoyamba kuwerenga mita bwinobwino, wapita. Ndaona mwini shopu ya feteleza akusiyidwa yekha mu Novembala, mvula ili pafupi, alimi ali mzere mpaka kumsewu. Zimapweteka. Koma mankhwala ake alipo, ndipo ndi a pamaso ndi pamaso. Ngati bwana wakulipirirani kosi, akhoza kupangana nanu inuyo, polemba, kuti mugwira chaka chimodzi kapena mubweza gawo la ndalamazo mukachoka msanga. Pangano lotere mumaliona, mumaliwerenga, mukhoza kulikana kapena kunenerera. Ngakhale pamenepo makhoti otsatira malamulo amene tinatengera ku Britain, monga athuwa, salola chiletso chilichonse. Amaona ngati pali chenicheni chimene bwana akuteteza, monga zinsinsi za malonda, ndiponso ngati nthawi ndi dera la chiletsocho zili zoyenera. Kuletsa wothira mafuta kuti asagwirenso ntchito pa filing'i sitesheni iliyonse m'Malawi muno kwa zaka ziwiri, ine sindiona chimene kukuteteza kupatula thumba la bwana.

Mukamasaina pangano la kosi, onetsetsani kuti ndalama yalembedwa ndi manambala, nthawi yalembedwa, ndipo ngongoleyo ikuchepa mwezi ndi mwezi. Pangano longoti mudzabweza ndalama zonse zamaphunziro, osatchula kuti ndi zingati, ndi dzenje. Maphunziro ake mwina anali masiku awiri oyang'ana mnzanu akugwira ntchito.

Za mapepala ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumagwera. Lamulo la Employment Act la mu 2000, pa gawo 27, limati wolemba ntchito akupatseni zolembedwa zofotokoza ntchito yanu ndi malipiro anu. Zifunseni mwaulemu, ndipo mukapatsidwa zijambuleni pa foni, kope ina mukasunge kwa amayi kumudzi. Satifiketi yanu ya MSCE yeniyeni musaisiye m'kabati ya bwana ngati chikole, ngakhale atanena kuti ndi mwambo wa onse ogwira ndalama. Aonetseni, atenge fotokope, yanu mubwerere nayo. Ndaona anthu akukhala pa ntchito imene anatopa nayo kalekale chifukwa pepala la MANEB lili m'manja mwa munthu wina. Adivansi nayo samalani nayo. Ka K20,000 ka pakati pa mwezi kakamabwerezedwa, n'kuphatikiza mashoti amene simunasainire, mudzapezeka tsiku lochoka mukuwerengeredwa ngongole yoposa malipiro a miyezi iwiri. Shoti iliyonse ilembedwe tsiku lomwelo, inu muli pomwepo.

Kalata yokumasulani imene ena amafunsa ija, dziwani kuti lamulo silinena kuti bwana ayenera kuvomera kaye kuti muchoke. Ngati ntchito yanu ilibe tsiku lothera ndipo mumalipidwa pa mwezi, mumapereka notisi ya mwezi umodzi, basi. Ilembeni, muike deti, bwana kapena manijala asaine pa kope yanu. Chimene lamulo la Employment Act limakupatsani pa gawo 31 ndi kalata ina: mukaipempha pochoka, bwana ayenera kulemba nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu, ndipo chifukwa chochokera amalembamo inu mukafuna. Imeneyo ndiyo muzinyamula. Komanso musapereke notisi chifukwa cha mawu apakamwa a manijala wa kwinako. Akulembereni kaye kuti akutengani, ngakhale pa uthenga wa pa foni. Mapanga awiri avumbwitsa, koma kusiya phanga limodzi lina lisanatsimikizike kumavumbwitsa koposa.

Mukakanidwa modabwitsa, funsani chifukwa, mofatsa, osakweza mawu. Akanena kuti ali ndi mgwirizano ndi abwana anu, kapena kuti kampani siiwalola kutenga munthu wa pa sitesheni inzake, mukafika kunyumba lembani tsiku, malo, amene wanena ndi mawu ake enieni. Uthenga wa pa WhatsApp musaufufute. Funsani anzanu ngati zinawachitikirapo. Munthu mmodzi akanena, amati ndi mkwiyo wosowa ntchito. Anthu asanu a malo atatu akanena zofanana, imakhala nkhani. Ngati vuto ndi la pakati pa inu ndi bwana wanu, monga kukubisirani satifiketi, kukana kalata kapena kukuchotsani chifukwa munakafunsira ntchito kwina, yambirani ku leba, ku ofesi ya zantchito ya boma lathu la Dowa kapena la Ntchisi, ndipo zikakanika kuli khoti la Industrial Relations Court ku Lilongwe. A Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu amene sangathe kulipira loya. Koma pangano la pakati pa mabwana okhaokha ndi nkhani ya mpikisano, ndipo khomo logogoda ndi la CFTC.

Ndikudziwa kuti Mponela ndi yaing'ono. Wodandaula lero amadziwika mawa, ndipo bwana amene mwamutchula mwina ndi mkulu wa mpingo wa amayi anu. N'chifukwa chake ndikuti muzipita pagulu, umboni uli m'manja, ndipo ngati pantchito panu pali yuniyoni, idutsireni.

Chinthu china musachisokoneze ndi zimenezi. Bwana watsopano akaimbira wakale kufunsa za khalidwe lanu, palibe cholakwa. Ngati munachoka ndi fuloti ya eni, kapena munathawa usiku makiyi ali m'thumba, mabwana akauzana si kupinga mpikisano, ndi kuchenjezana. Ochita zotere ndi amene amapatsa mabwana chifukwa chopanganirana, ndipo olangika amakhala anzawo osalakwa. Chokani masana. Werengerani sitoko pamodzi ndi wolowa m'malo mwanu, musainirane, mubweze yunifolomu, mutsanzike.

Muzikambirananso za malipiro. Mabwana amakonda kunena kuti malipiro ndi chinsinsi cha munthu, pamene iwo amauzana zimene akulipira. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 mu Febuluwale 2024, kenako K126,000 mu Juni 2025. Mukapeza kuti malo onse a ntchito yofanana pa tauni pano akulipira ndendende pa mzere wapansiwo, wazaka zisanu ndi wolowa dzulo chimodzimodzi, dziwani kuti palibe akulimbirana luso la munthu. Pamenepo chimene chingakutulutseni ndi luso loyenda nalo. Wodziwa pampu ya kampani imodzi yokha atsekeredwa mosavuta. Wodziwanso kuwerengera sitoko, kulemba buku la ndalama, kugwiritsa ntchito kompyuta, kapena amene ali ndi laisensi ya galimoto, akhoza kutuluka m'bwalo lonse la mabwana opanganawo n'kukalowa ku kampani ya mbewu, ku hotela kapena ku bungwe. Mayi wa ku Florida uja anagwa chifukwa luso lake lonse linali lamtengo wapatali m'nyumba za dzina limodzi, zomwe zinamutsekera zitseko zonse pakamodzi.

Ena mwa inu, Mulungu akalola, mudzakhala madila. Tsiku lina adzakuikirani patebulo pangano la masamba makumi anayi, la Chingerezi chovuta, wa kampani akuyang'ana wotchi kuti abwerere ku Lilongwe kusanade. Musasaine tsiku lomwelo. Pitani nalo kwa loya, ndipo mumuuze ayang'ane makamaka pamene pakunena za antchito. Mukapeza ndime yoletsa kulemba munthu wa dila mnzanu, musaione ngati mpanda wokutetezani nokha. Tsiku limene kalaliki wanu wodalirika adzasamukire ku Kasungu kutsatira banja, ndime yomweyo idzakuletsani kutenga munthu wodziwa kale ntchito amene ali kutsidya kwa msewu ndipo akufuna kubwera, ndiye mudzayambanso kuphunzitsa wachilendo pakati pa nyengo ya malonda. Komanso ngati a CFTC atadzaiona ngati yopinga mpikisano, siginecha yanu idzakhala pomwepo pansi pake. Pemphani kuti ichotsedwe, kapena isinthidwe kuti ingonena za kubwezerana ndalama za kosi yeniyeni, zotchulidwa ndi manambala, kwa miyezi yowerengeka. Akakana, akupatseni chifukwa chake polemba, ndipo kalatayo muisunge pamodzi ndi panganolo.